Saladi, kapenta ndi asilikali a m'thupi

Zikomo a chairman, zikomo amayi ndi abambo. Muli kumbuyo uko mukundimva? Chabwino.

Ku kiliniki munamvapo za asilikali a m'thupi, maselo oyera a m'magazi aja olimbana ndi tizilombo. Manje chimene ambiri sitidziwa n'chakuti selo lililonse lili ndi kachikopa kolikuta, ndipo kachikopako kamapangidwa ndi mafuta, omwewa timathira mu ndiwo. Pali mitundu iwiri imene thupi silingapange lokha, omega-6 ndi omega-3, yonse imachokera m'mbale.

Mukadzicheka ndi mpeni podula repu, asilikali amatenga omega-6 pa kachikopa kaja nkupanga timankhwala totumiza uthenga, tina amatitcha ma prostaglandin, ndiye magazi amathamangira pamalopo, chala chitupa, chifiira, chitentha, chiwawa mpaka usiku osagona bwino. Kutupa kumeneko ndi ntchito, thupi likudziteteza. Aspirin uja mumagula pa kantemba amatseka kapangidwe ka ma prostaglandin, zimene wasayansi John Vane anapeza mu 1971.

Koma nkhondo iyenera kutha, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Omega-3 wa mu nsomba, EPA ndi DHA, amalowanso mu kachikopa komweko ndipo thupi limapanga naye uthenga wina, ma resolvin, wouza asilikali kuti basi kwatha, chotsani zakufa chilonda chipole. Kutupa kukapanda kuzima, kumangopitilira pansipansi zaka ndi zaka munthu osadziwa, kumathandizira matenda a mtima ndi shuga amene atidzadza m'makomboni muno.

Tiyang'ane mpoto wathu. Saladi wa sunflower, mafuta ophikira aja, ndi omega-6 kwambiri, mu nshawa alimonso. Sindikuti mutaye, ayi amayi, thupi limamufuna. Chondidandaulitsa ine n'chakuti omega-3 amachepa pa chakudya chathu. Mu soya alimo, koma thupi limasandutsa pang'ono chabe kukhala wa mtundu wa mu nsomba uja. Ndiye kapenta ya ku Siavonga kapena ya ku Mpulungu imene ena amainyoza ati ndiwo za kumapeto kwa mwezi, muigule pa msika wa Soweto, mudye nsomba kawiri pa sabata ngati thumba lilola, ana muwapatseko.

Inu okazinga vitumbuwa ndi chipisi, saladi akada bii ndi kuyamba kufuka utsi, waonongeka, musamubwezere pa mbaula. Amayi a chitenje chobiriwira, ndaona dzanja, funsani.