Injini ikatentha, chitsekerero cha rediyeta musachikhudze

Amayi ndi abambo, tiyeni tiyambe. Nonse mwamva za mnyamata uja ali m'chipatala, nkhope ndi mkono matuza okhaokha. Galimoto inatentha ali pamdipiti wa magalimoto, iye n'kutsegula boneti, n'kupotokola chitsekerero cha rediyeta. Madzi owira anamuthovukira kumaso. Ndiye mawu anga oyamba ndi awa: injini ikatentha, chitsekerero chija musachikhudze.

M'kati muja madzi amakhala opanikizika. Injini yabwinobwino imayenda pa madigiri 90 mpaka 100, ndipo chitsekererocho chimachititsa kuti madzi asawire ngakhale afike cha m'ma 120. Mukangochimasula, onse amawira nthawi imodzi. Ena mumati, "Ndigwira ndi kansanza." Kansanza kaletsa nthunzi? Zimitsani injini, dikirani mphindi 30 kapena kuposa, mpaka paipi yapamwamba ya rediyeta itazizira ndi kufewa. Madzi ozizira musathire mu injini yotentha, mung'alula silinda hedi, chitsulo chovundikira pamwamba pa injini.

Tsono za fani. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha mu rediyeta. Ikaima, ntchito yonse imatsalira fani. Choncho mukaona kamuvi ka pa geji ya kutentha kakukwera mutaima, n'kutsika mukayamba kuthamanga, ganizirani fani. Koma kakamakwera muli pa liwiro, vuto lili kwina: madzi achepa, rediyeta yatsekeka, pampu yatha, kapena thermostat yakakamira. Koma kamuviko mumakayang'ana? Ena inu mumangoyang'ana ka mafuta kokha, mpaka utsi ndiwo ukuuzeni. Ayi ndithu, tisinthe.

Bambo kumbuyoko, mwakweza dzanja?

"Amakaniko anga anangochotsa thermostat, akuti kumalo otentha ilibe ntchito. Analakwa?"

Zikomo bambo, funso limenelo ambiri ali nalo. Thermostat ili ngati mlonda wa pachipata. Injini ikakhala yozizira imatseka njira yopita ku rediyeta kuti injini ifunde msanga, ikafika cha m'ma 80 mpaka 90 imatsegula. Mukaichotsa, injini imachedwa kufunda, kompyuta imangowonjezera mafuta poganiza kuti kukadali kozizira, zitsulo zimaperepeseka msanga. Choopsa kwambiri n'chakuti vuto lenileni labisika. Ngati fani inali yakufa, ikadali yakufa, ndipo tsiku lina pamdipiti kamuvi kadzakwerabe. Thermostat imayesedwa, bambo. Iponyeni mumphika wa madzi pamoto, muione ngati ikutseguka madzi asanawire. Ikapanda kutseguka, ikani ina. Abwerereni amakaniko anuwo mwaulemu, muwauze aibwezeretse.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndiye ndifulumire. Injini itazizira, onani madzi. Lizani injini, yatsani AC, pa magalimoto ambiri fani imazungulira pompo. Ikakhala chete, onani fyuzi yake. Fyuzi ili bwino, sinthanitsani relay ya fani, kaswichi kopereka magetsi ku fani, ndi ina yofanana nayo, kawirikawiri ya hutala. Zikakanikabe, lumikizani mota ya fani ku batire mwachindunji. Yazungulira, vuto ndi mawaya kapena sensa yoyeza kutentha. Yakhala duu, mota yapsa. Zala kutali, chifukwa fani yamagetsi imatha kudzuka yokha ngakhale kiyi mwachotsa.

Zikakugwerani panjira, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto kuti ikoke kutentha, patukani muime. Mukaona utsi woyera kumbuyo, oyilo wasanduka ngati mkaka, kapena madzi akuchita thovu, gasiketi yotseka pakati pa silinda hedi ndi injini yapita, musayendetsenso. Ndipo pamene mwaimapo, ndabwerezanso, chitsekerero cha rediyeta musachikhudze mpaka injini itazizira. Amene mwabwera ndi magalimoto, tiyeni panja ndikakuonetseni bokosi la mafyuzi.