John Kirk, dokotala wa asilikali amene anafufuza za kombe

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse. Mapiri aja a Kirk Range, ochokera ku Ntcheu kutsikira ku Neno, anatchedwa dzina la John Kirk, wa ku Scotland, wobadwa mu 1832. Udokotala anauphunzira ku Edinburgh, ndipo mu 1855 anapita kukasamalira asilikali odwala ndi ovulala pa nkhondo ya ku Crimea, m'chipatala cha Renkioi ku Turkey. Masiku amenewo mankhwala ambiri ankachokera ku zomera, choncho dokotala ankayeneranso kudziwa mitengo ndi zitsamba. Mu 1858 anabwera ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi, ndipo mu 1859 anafika kunyanja ya Malawi.

M'chigwa cha Shire anapeza alenje akupaka mivi ulembe wa kombe. Kombe amayanga m'mitengo, zipatso zake n'zazitali, zimabala ziwiriziwiri ngati nyanga, ndipo njere zake zili ndi ubweya wouluka ndi mphepo. Alenjewo ankasinja njerezo. Nyama ikalasidwa inkafa mtima utaima, iwo n'kudula mnofu wozungulira bala n'kutaya. Nzeru imeneyi inali ya alenjewo, tisaiwale.

Tsiku lina mswachi wa Kirk unakhudzana ndi ulembewo m'thumba. Potsuka mano anamva kuwawa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Munthu wina akanangolavula, koma dokotala anawerenga kugunda kwa mtima. Ku Kew, malo ofufuzira zomera ku England, chomeracho anachitcha Strophanthus kombe, ndipo ku Edinburgh katswiri wa mankhwala Thomas Fraser anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Chonde, wina asakayese kunyumba. Kombe amapha, ngakhale atakhala pang'ono pokha.

Kuti akatswiri akutali azindikire chomera, chimafunika kutoledwa bwino, monga amachitirabe ku National Herbarium, malo osungira zomera zouma ku Zomba. Mudule kanthambi ka masentimita pafupifupi 30 kokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso. Masamba okha nthawi zambiri sakwanira. Mukayale pakati pa mapepala a nyuzi, tsamba limodzi mulitembenuze kuti kunsi kuoneke, muphimbe ndi matabwa awiri n'kumanga zolimba. Masiku oyamba muzisintha mapepala tsiku lililonse, makamaka dzinja, apo ayi chomera chimachita nkhungu n'kuda. Chikauma chitetezeni ku tizilombo. Lembani pomwepo tsiku, malo, dzina limene eni dera amachitchula, ntchito yake ndi mtundu wa duwa, poti likauma limasuluka.

Zolembazo muzikopera pawiri n'kusunga kosiyana. Mu 1860 bwato la Kirk linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa mu Zambezi. Iye anapulumuka, koma mabuku amene analembamo ndi zojambula zake za zomera zinapita ndi madzi.