Makalata a Omvera: Shuga ndi Chiwindi

Kalata yoyamba yachokera ku Chawama. Amayi awa akuti:

"Ndakhala ndi matenda a shuga zaka 9. Sabata yatha kukiliniki anesi anandiuza kuti ndiyezetse chiwindi. Ine mowa sindinaulawepo chibadwire, ndine wa chigwirizano kumpingo. Kodi akundiyesa chidakwa?"

Amayi, mtima pansi, anesiwo sanakunyozeni. Si mowa wokha umene umawononga chiwindi. Mwa anthu odwala shuga ya mtundu wachiwiri, oposa theka amakhala ndi mafuta ochuluka m'chiwindi, ngakhale osamwa. Kwa ambiri mafutawo amangokhala, koma kwa ena chiwindi chimatupa, chimachita zipsera, n'kuyamba kuuma. Tsono chiwindi sichidandaula msanga. Maso akafika pochita chikasu, mimba n'kudzaza madzi, ndiye kuti zapita kale patali.

Kuyezako si kwa mpeni ayi. Amatenga magazi pamkono monga mwa masiku onse. Adokotala amaona zaka zanu, manambala awiri a chiwindi otchedwa AST ndi ALT, komanso kuchuluka kwa mapulateleti, aja amathandiza magazi kuundana mukadzicheka, n'kuwerengetsa. Masamu amenewa amawatcha FIB-4. Akatuluka pansi pa 1.3 nkhawa ndi yochepa, mudzayezanso pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri. Akakwererapo pang'ono amafuna sikani yoona kulimba kwa chiwindi, ndipo akapitirira 2.67 amakutumizani kwa akatswiri. Mawu akuti "ALT ili bwino" asakukhutitseni, imatha kuoneka bwino chiwindi chikuuma. Inu funsani kuti, "Nanga FIB-4 yanga ndi zingati?" Muli pomwepo, pemphani akuyezeninso hepatitis B, nthenda ina ya chiwindi yobwera ndi kachilombo, poti kuno kwathu ndi yofala.

Ina ndi ya bambo a ku Matero: "Ndili ndi shuga. Mnzanga wandigulira botolo la zitsamba m'tauni, akuti limatsuka chiwindi. Ndimwe?"

Bambo, chiwindi si mpoto woti n'kukwecha! Zitsamba zina zimawononga chiwindi chomwecho, ndipo za m'botolo losalembedwa simungazidziwe. Chimene chimachotsadi mafutawo ndi kuchepetsa thupi: munthu wa makilo 90 akatsitsa 7 mpaka 9, chiwindi chimapeza bwino. Mitanda ya nsima ikhale iwiri m'malo mwa inayi, zakumwa zotsekemera zitsale, minibasi muzitsika siteji imodzi musanafike n'kumalizitsa wapansi. Botololo pitani nalo kukiliniki lisanatsegulidwe, adokotala akalione.