Rolls-Royce ya m'bokosi yafika ku Bembeke

Ndikupereka moni kwa inu nonse omvera, a kuno kumudzi ndi anzanga amene muli m'maiko a eni. Gawo la lero sindikulijambulira m'kachipinda kanga ka ku Derby, ku England. Ndili pakhonde la mayi anga kuno ku Bembeke, m'boma la Dedza, choncho mukamva tambala kapena njinga yamoto mundikhululukire. Ndabwera kutchuthi cha milungu itatu, ndipo m'chikwama cha m'manja ndinanyamula chinthu chimene chinandidyera miyezi inayi ya nyengo yozizira, kagalimoto ka pulasitiki kotalika pang'ono kuposa chikhatho changa, kofanizira Rolls-Royce Phantom II.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku, maola 12 pa shifiti imodzi. Ife a ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, popeza tinakulira m'chifunga cha June ndi July tikukumba mbatata ya kachewere zala zitauma, koma chimene chimasautsa ku England si kuzizira kokha. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ukamaweruka m'mawa kumakhala kusanayere, ukadzuka masana kwayambanso kuda, ndipo woyandikana naye khomo ukhoza kutha mwezi osamva mawu ake. Tsiku lina ndikungoyenda kuti mutu usasokonezeke, ndinalowa m'sitolo ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito, kaunjika wa kumeneko, ndipo ndinapeza bokosi la tizidutswa tomangira kagalimotoka, limene mwini wake woyamba anangolitsegula n'kulisiya. Ndinalipira mapaundi 8.

Pabokosipo panalembedwa 1:24, kutanthauza kuti sentimita imodzi ya kagalimotoka ikuimira masentimita 24 a galimoto yeniyeni. Chimene chinandikoka mtima n'chakuti galimoto yeniyeniyo inapangidwa mumzinda womwe ndikukhalamo. Charles Rolls ndi Henry Royce anakumana ku Manchester mu 1904, kampani yawo inasamukira ku Derby mu 1908, ndipo pa fakitale ya pa Nightingale Road ndi pamene Phantom II inkapangidwa kuyambira 1929 kufikira 1935, zonse pamodzi zosakwana 1,700. Injini yake inali ya masilinda 6 ondondozana, ya malita 7.7, ndicho chifukwa chake boneti ndi yaitali ngati bwato. Lero ku Derby kampaniyo imadziwika ndi injini za ndege, pamene galimoto za dzinali zimapangidwa ku Goodwood m'manja mwa BMW kuyambira 2003. Koma pali mfundo imodzi imene ndikufuna muisunge: masiku amenewo Rolls-Royce inkagulitsa chimango chapansi, injini ndi matayala basi, ndipo wogula ankapita nazo kwa amisiri ena, monga Barker, Hooper kapena Park Ward, kuti akamumangire bodi ya kukhosi kwake pa chimango cha matabwa chokutidwa ndi aluminiyamu.

Zida zanga zinali za munthu wosauka. Tizidutswa timabwera titalumikizidwa ku mafelemu, tsono ndinkatidula ndi chowengera zikhadabo, n'kupala zotsalira ndi lezala, kenako n'kusalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri. Musanapake penti mumayenera kutsuka zonse ndi sopo wotsukira mbale, chifukwa mafuta a m'zala amachititsa penti kukana kugwira. Guluu wake si womata chabe ayi, amasungunula pulasitiki kuti zidutswa ziwirizo zisanduke chimodzi, ndipo chifukwa cha ichi sagwira pamene pali penti kapena siliva wonyezimira amene amakuta tizidutswa tina. Muyenera kuyamba mwapala malo okumaniranapo. Zimenezi ndinaziphunzira mabampa atagwa kawiri.

Cholakwa chachikulu chinali changa ndekha. Ndinali nditaweruka usiku wovuta, tulo tili m'maso, koma mtima unafuna kuti galasi lakutsogolo lilowe tsiku lomwelo, ndipo ndinathira kadontho ka guluu yemwe uja m'mphepete mwake. Guluuyo anayenderera pansi pa chala changa chachikulu, ndipo pochotsa chalacho ndinapeza chidindo changa chitakhazikika pagalasi ngati cha pa chiphaso. Ndinakhala pabedi kwa nthawi yaitali osayankhula, ndipo ndikuuzeni zoona, misozi imene inatuluka sinali ya galasi lokha. Patapita masiku ndinadula galasi lina kuchokera ku kabokosi koonekera mkati ka zipatso, n'kulimata ndi guluu woyera wa matabwa, amene akauma saoneka ndiponso sadya pulasitiki. Kachifanizo ka mkazi ka pamwamba pa rediyeta, kamene amakatcha Spirit of Ecstasy ndipo kanayamba kuikidwa mu 1911, pa muyeso uwu n'kofanana ndi njere ya mpunga. Kanandithawa m'chopanira n'kugwera pa kapeti, ndipo ndinakwawa pansi ndi tochi ya foni pafupifupi ola lathunthu, bambo wamkulu wa ana awiri.

Pa ntchito yonseyi maganizo anga ankabwerera kuno. Tili ana tinkapanga galimoto za mawaya popanda pepala lililonse lotiuza zochita: waya wotola, malegeni odula ku chubu chakale cha njinga, matayala a zitini za polishi, ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno chimene chinkakhotetsadi matayala akutsogolo. Aliyense ankaimanga bodi monga waionera pa msewu wa M1, wina basi, wina lole ya mbatata, ndipo pamenepa ndikuona kuti ife tinali pafupi ndi amisiri a Barker aja kusiyana ndi mmene ndinaliri ine pa tebulo langa ku Derby. M'bokosi chilichonse chili ndi nambala, malo ake anaganiziridwa kale ndi munthu wina, ndipo luso lako ndi kumvera pepala mosamala. Moyo wa ife obwera umayendanso chimodzimodzi, ndi nambala ya viza, nambala ya msonkho ndi ndandanda ya mashifiti, ndipo mwina n'chifukwa chake ntchitoyi inkanditonthoza ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi.

Dzulo ndinakatulutsa m'masokosi mmene ndinakakulunga, n'kukaika pampando. Mayi anakayang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye miyezi inayi yonseyo mumapanga kameneka, mwanangu? Nanga mumadya nthawi yanji?" Mwana wa mchemwali wanga, wa Sitandade 5, anagwada n'kukazungulira maso osakakhudza, kenako anati, "Amalume, kodi kamakhota?" Ndinamuyankha kuti ayi, sikayenda n'komwe, ndi kongoyang'ana. Sananene kanthu, koma anathyola kaudzu n'kuyeza nako boneti, n'kuyezanso kuchokera ku tayala lakutsogolo kufika ku lakumbuyo.

M'mawa uno anapita kwa okonza njinga pa msika kukapempha chubu chakutha, ndipo pamene ndikuyankhula pano ali kuseri kwa nkhokwe akuwongola waya ndi mwala. Boneti waipinda kale, yaitali bwino, ndipo akuti nyali zikhala zitsekerero za mabotolo. Ndiimire pomwepa, chifukwa akundiitana kuti ndikamugwirire waya pamene akumanga chiwongolero.