Ndere za m'thanki ya nsomba komanso za m'damu

Zikomo a Nyakwawa potipatsa mthunzi wa mtengo uno. Aphunzitsi, amayi, abambo, ndi inu ana a kalabu ya zachilengedwe, moni nonse.

Tisanakhale pansi ndinayamba ndalowa m'kalasi kukaona thanki yagalasi imene anawa akuweteramo nsomba. Nditapisa chala ndinavuula tiulusi tobiriwira, toterera, tatitali ngati tsitsi. Ana akuti amachotsa Lachisanu lililonse, koma pofika Lachitatu zadzazanso. Zimenezo ndi ndere, ndipo funso lomwe mwanditumizira ndi lakuti: tigule nsomba yanji yoti izidya?

Nsomba zotero zilipo, ndizitchula. Koma tiyambe kaye ndi chomwe chikuzinenepetsa nderezo. Ndere ndi chomera, chimafuna kuwala ndi chakudya monga chimanga cha kudimba. Thanki yanu ili pawindo loyang'ana kumadzulo. Dzuwa la kuno ku Chikwawa mukulidziwa, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40. Madzi akatentha choncho mpweya umachepamo, nsomba zimafooka, pamene ndere zikukondwa. Thankiyo ichotseni pawindopo. Ngati mumayatsa getsi pamwamba pake, maola 6 mpaka 8 pa tsiku akwana, lisagone loyaka.

Tsono chakudya. Ana inu, musaweramitse mitu, ndikudziwa kuti mumatero chifukwa chozikonda. Aliyense wodutsa amatsina pang'ono n'kuponyamo. Chotsala chimamira n'kuwola, chikasakanikirana ndi ndowe za nsombazo ndiye feteleza wa ndere ameneyo. Musankhe mwana mmodzi pa sabata, azipatsa chongokwanira kutha m'mphindi ziwiri kapena zitatu, basi.

Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo, muthiremo atsopano. Osakhuthula onse, ndipo sopo asayandikire. Mijigo ina kuno imatulutsa madzi amchere, ndiye yambani mwalawa. Akakhala apampopi, agone m'ndowa tsiku lathunthu kuti mankhwala oyeretsera madzi aja auluke. Ndere zazitalizo tengani mswachi wakale, muuzungulize m'madzimo, zimakulungika zokha ngati thonje popota.

Mukachita izi m'pamene nsomba yodya ndere ingakuthandizeni. Yodziwika kwambiri pa ntchitoyi imatchedwa Siamese algae eater, kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo. Imakula pafupifupi masentimita 15 ndipo siivutana ndi zinzake. Koma ikamakhuta chakudya chogula, ndere siiziyang'ananso. Pali ma shrimp a Amano, tizilombo ta m'madzi tochokera ku Japan, timene timabudula ulusiwu usana ndi usiku. Vuto lake nsomba zikuluzikulu zimatidya, komanso kutentha kwathu kuno sitikupirira bwino. Ina imene ogulitsa amakonda kukupatsani ndi pleco ya ku South America, ija yomata pagalasi ndi kukamwa. Galasi imayeretsadi, koma ndere za ulusi siilimbana nazo kwenikweni, ndipo mitundu ina imakula kupitirira masentimita 30. M'kathanki kanu aka siingakhalemo.

Abambo uko akuti bwanji mbuna zathu za ku nyanja? Mwafunsa bwino. Amene anafikako ku Cape Maclear anaziona zikupala ndere pamiyala. Koma mbuna ndi zandewu, iliyonse imafuna mwala wakewake. Mukaziphatikiza ndi tinsomba tofatsa, mawa mupeza zipsepse zong'ambika. Zimafuna thanki yawoyawo.

Apa pokha ndikweze mawu. Wina akuuzani kuti nkhono zimadya ndere, ndipo sakunama. Koma nkhono za m'ngalande, za m'dambo, za m'mbali mwa Shire, musatole n'kuika m'thanki ya ana. Zina mwa izo ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo tizilomboto timalowa pakhungu pomwe mwana wapisa dzanja m'madzi. Amayi, mukaona mwana wabwera ndi nkhono m'botolo, mulandeni.

Enanu muli ndi madamu a nsomba, ndiye ndisakusiyeni. M'damu madzi obiriwira si oipa ayi, ndi chakudya cha makumba ndi makakana. Pisani mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka mwa apo ndi apo, zili bwino. Chikabisika mkono usanafike pamenepo, manyowa achuluka, yambani mwaleka. Zoopsa ndi ndere za ulusi zikayala pamwamba ngati mphasa. Tiana ta nsomba timakodwamo, ndipo usiku nderezo zimapuma mpweya womwewo umene nsomba zikufuna. N'chifukwa chake mbandakucha mumazipeza zili yasa kukamwa pamwamba pa madzi. Kokani mphasayo ndi nsungwi ya mphanda, mukaiponye pa kompositi, ndipo madeya muchepetse masiku angapo. Mthandizi wanu m'damu ndi chilunguni, nsomba yathu yomwe ino, imene imadya udzu, masamba ndi ndere zomwe. Imeneyi ndimaikhulupirira kuposa zakunja zonse ndatchulazi. Koma m'thanki yagalasi musaiike, imaliza zomera zonse zimene ana anadzalamo.

Ndipo nsomba kapena chomera chakunja chikakutopetsani, chonde musakataye mu Shire kapena m'ngalande. Namasupuni amene akutchinga mabwato ndi maukonde ku Elephant Marsh kwawo ndi ku South America, ndipo anthu ankamunyamula kupita naye maiko ena chifukwa cha maluwa ake okongola.

Tikamwazikana pano, anyamata anayi atsale ndi aphunzitsi tikasunthe thanki ija. Bweretsani ndowa zitatu zoyera, tiyamba taphungula madzi ndi kuika nsomba m'ndowa, chifukwa galasi likanyamulidwa lodzaza limasweka pansi pake.