Momwe Mungayesere Mendulo ya Asilikali Ovulala a ku Germany Musanagule

Omvera athu okondedwa, lero tikambe za mendulo yotchedwa Verwundetenabzeichen, imene asilikali a ku Germany ankalandira akavulala kunkhondo. Anaiyambitsa ndi Kaiser Wilhelm II, mfumu ya Germany, pa 3 Malichi 1918, ndipo boma la Hitler linaikhazikitsanso pa 1 Sepitembala 1939. Yakuda inkaperekedwa kwa wovulala kamodzi kapena kawiri, yasiliva katatu kapena kanayi, pomwe yagolide inali ya wovulala kasanu kapena kupitirira apo. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, woduka dzanja kapena phazi ankalandira yasiliva ngakhale atavulala kamodzi kokha.

Mukailandira m'manja, musatengeke ndi kutsogolo kwake, kumene kuli chipewa chachitsulo ndi malupanga awiri opingasa mkati mwa nkhata ya masamba. Itembenuzeni, chifukwa chinyengo chimaonekera kumbuyo. Mendulo yakuda nthawi zambiri imakhala yopyapyala ndi yolowa kumbuyo ngati kasupuni, popeza inkadindidwa pa chitsulo chopyapyala, pamene yasiliva ndi yagolide za 1939 zimakhala zodzadza ndi zolemerera. Yandikizani maginito. Zakuda zoyambirira za mtundu wa 1939 zinali zamkuwa ndipo sizigwira, koma zapambuyo pake zinali zachitsulo ndipo zimagwira. Yasiliva yodzadza ikakakamira ku maginito, ibwezeni kwa mwini wake.

Kenaka tengani galasi lokuzira zinthu, muyang'ane pini, polumikizira pake ndi kangowe kokolera. Ngati m'mphepete muli timabowo ting'onoting'ono ngati ta thovu, kapena masamba a nkhata akuoneka ofufutika, mwina mendulo imeneyo inachita kusungunulidwa m'chikombole chotengera pa ina yeniyeni. Zambiri zili ndi nambala ya amene anazipanga, monga 30 ya Hauptmünzamt Wien kapena 65 ya Klein & Quenzer, koma nambala yokha isakukhutiritseni, pakuti achinyengo nawonso amadziwa kuidinda. Munthu akakutsatsani ya pa 20 Julaye 1944, imene inapatsidwa kwa anthu owerengeka amene anavulala ndi bomba lofuna kupha Hitler, ndikupemphani kuti musatulutse ndalama.

Pakasungidwe, chonde musaikweche kuti iwale. Zimandiwawa mtima kuona utoto wakuda umene unapyapyala pachifuwa cha munthu wovulala utachotsedwa ndi mankhwala opukutira ziwiya. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kouma basi, ndipo muiike pamalo opanda chinyontho, makamaka ya zinki, imene imayamba kutuwa ndi kunyenyeka. Ngati yabwera ndi chikalata chake chokhala ndi dzina la msilikali, gulu lake ndi tsiku, musazilekanitse.

Mendulo ya 1939 ili ndi swastika pachipewa, chizindikiro cha ulamuliro umene unapha anthu mamiliyoni, choncho si yovala pa jekete. Ku Germany kuonetsa chizindikirochi pagulu ndi mlandu, n'chifukwa chake mu 1957 anavomereza mtundu wopanda swastika kuti asilikali akale azivala. Musanaitanitse kapena kutumiza kunja, funsani kaye malamulo a dziko limene phukusilo likupita.