Opuma Pantchito Amene Anakana Kukhala Manja Lende

Zikomo a wapampando, zikomonso amayi ndi abambo nonse. Kumbuyoko ndikumveka? Chabwino.

Lero ndikufotokozerani za gulu lina la ku America limene kale linkatchedwa Telephone Pioneers of America. Linayamba mu 1911 mumzinda wa Boston, ndipo khadi loyamba la umembala analandira ndi Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni. Poyambapo sankangolowamo aliyense ayi. Munthu ankayenera kukhala atagwira ntchito ya matelefoni kwa zaka 21. Ndiye munali akuluakulu okhaokha, ena opuma kale, ena otsala pang'ono. Cholinga chawo chinali kucheza, kukumbutsana zakale ndi kusunga mbiri ya ntchito yawo, basi.

Zaka zitapita anaona kuti macheza okha sakukwanira, ndipo mu 1958 anagwirizana kuti kuthandiza anthu m'madera ikhale ntchito yeniyeni ya gululo.

Apa tsono tcherani khutu, chifukwa ndi pamene pamandikhudza ine. Nyumba yaikulu ya mabuku ya boma la America, Library of Congress, imabwereketsa anthu osaona makina omvetserera mabuku owerengedwa mokweza. Makina sachedwa kuwonongeka, mukudziwa. Kuyambira mu 1960 anthu a gululi anayamba kuwakonza kwaulere. Taganizirani mkulu waimvi, magalasi ali pamphuno, wamasula makina patebulo. Akupukuta fumbi, akulumikiza kawaya kamene kanaduka, kenako akuyatsa n'kutsamiritsa khutu kuti amve ngati mawu akutuluka bwino. Mwini makinawo sadzamuona n'komwe, koma usiku womwewo buku lake liyambiranso kulankhula. Manja omwe aja amene ankakonza matelefoni a kampani kwa zaka zambirimbiri, luso lake silinapume nawo.

Chinanso, mu 1964 injiniya wina wa kampani ya matelefoni ya Mountain Bell m'chigawo cha Colorado anaika tizipangizo ta telefoni m'kati mwa mpira kuti uzilira. Mwana wosaona ankautsatira ndi khutu mpaka kuugwira. Masewera a mpira a anthu osaona otchedwa beep baseball anachokera pamenepo, ndipo akuseweredwabe.

Tsopano tizungulire. Aliyense atchule ntchito imene ankagwira asanapume, ndi chinthu chimodzi chimene manja ake akadathabe kuchita. Alembi, konzekani. Tiyambire kwa inu mayi, kutsogolo kuno.